Manda Achiwiri a Bambo Amock Mfune

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1940 m'mudzi muno, m'chigwa chino cha Nkhamanga, osati kwina ayi. Dzina lawo ndi Bambo Amock Manase Mfune. Wowerengane ndine Greyson, mwana wawo woyamba. Mafumu, abusa ndi anamfedwa nonse, mundikhululukire powerenga m'Chichewa: abale anga awiri anakulira ku Zimbabwe, Chitumbuka chimawavutabe, ndipo lero sindikufuna kuti mawu aliwonse awadutse. Paja kuyambira dzana pali manong'onong'o akuti munthu saliridwa kawiri, choncho bambo athuwa aikidwe kunja kwa manda, mwakachetechete. Tamva. Tsono nanunso mumve kaye moyo wawo.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1949 ndipo analekezera Sitandade 5, chifukwa ng'ombe za bambo awo zinasowa woweta. Mu 1960 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Tryness NyaChirambo. Mu 1962 ananyamuka ulendo wa ku Halale kukasaka khasu la ng'ombe, atalonjeza kuti mvula ikagwa kawiri abwera. Ine anandisiya ndili m'mimba.

Kumeneko anagwira ntchito pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi mpaka kukhala kapitawo. Mu 1978 nkhondo inafika pafamupo, nyumba za antchito zinapsa. Munthu wina wochokera komweko anafika kuno nalumbira kuti anaona ndi maso ake mtembo wa a Mfune. Mudzi unalira. Poti thupi panalibe, akuluakulu anadula thunthu la nthochi, nalikulunga mu mphasa, nakaliika kumanda monga mwa mwambo. Ine ndinaponya dothi pa nthochiyo ndikulira bambo amene ndinali ndisanawaonepo. Patatha chaka, amayi anga ndi munda womwe anaperekedwa kwa mng'ono wa malemu, Bambo Gordon, monga zinkachitikira masiku amenewo.

Chonsecho amene tinkawalirawo anali moyo! Anathawira ku Kadoma, kumene anakwatira Mayi Mabel, nabereka Nelly ndi Watipaso. Pamaliro sitinama: bambo anali mtchona. Sanatumize ngakhale moni, ndipo zimenezo zinatipweteka kwambiri. Eni ake ankati chinawamanga miyendo ndi manyazi, poti khasu la ng'ombe lija silinapezeke. Mayi Mabel atatisiya mu 1995, malemu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, nayamba kumanga katundu.

Mu Ogasiti 1996 anatsika matola pa Bolero ndi ana awiri ndi sutikesi yomanga ndi chingwe. Amayi ena amene anali pamjigo atawazindikira anataya ndowa, liwiro la mtondo wadooka. Akuluakulu analamula kuti asalowe m'nyumba ya munthu aliyense mpaka sing'anga awasambitse mankhwala. Malemu anakanitsitsa. Anati iwo ndi Mkhristu, ndipo ngati pali chosamba ndi fumbi la msewu wa ku Rumphi basi. Atapita kukaona manda awo, anaima nthawi yaitali, kenako anadandaula kuti chiliza chinapindika, anthu owakonda akanayesetsako. Usiku woyamba kwawo anagona m'chigafa cha fodya pamodzi ndi anawo.

Sanalimbane ndi aliyense. Mkazi sanalande, munda sanalande. Anakagwira chanza Bambo Gordon, nawathokoza pondilera ine. Malo amene anapatsidwa ndi aja amiyala a m'tsinde mwa phiri, amene ngakhale mbuzi zimawanyoza. Anazula miyalayo ndi manja awo, ali ndi imvi kale, mpaka munatuluka fodya amene alimi a ku Bolero ankabwera kudzaonerera.

Komabe pamudzi pano dzina lawo linasanduka Mzukwa. Ana ankaletsedwa kutola mango pakhomo pawo. Kutchalitchi benchi imene akhalapo inkakhala yawo yokha. Zinkawawa, tisabise, ndipo Nelly kangapo anawapempha kuti abwerere ku Kadoma. Iwo ankayankha kuti mchombo wawo unagwera kuno, wofuna kusamuka asamuke yekha. Mu 1999 anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, natenga penti yofiira, nalemba kumbuyo kwake ndi zilembo zikuluzikulu kuti MZUKWA. Ngolo imeneyo inanyamula amayi apakati ndi odwala a m'mudzi muno kupita nawo kuchipatala, mvula ndi dzuwa, ulere. Ena mwa onong'ona a dzanawa, makolo anu anafika kumanda pa ngolo ya mzukwayo. Mayina sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Mu 2008 anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mu Meyi chaka chino anafa ziwalo mbali imodzi. Anawadwazika ndi Nelly pamodzi ndi Mayi Tryness, amene a Gordon anawalola ndi mtima wonse. Chopempha chawo chinali chimodzi, ndipo ankachibwereza ngakhale lilime litalemera: kuti akagone pakati pa makolo awo. Anatisiya Lachitatu pa 14 Okutobala 2009, m'nyumba yomanga okha, ali ndi zaka 69.

Tsono yankho la banja ndi ili. Amene analakwitsa mu 1978 ndi mudzi, osati malemu. Nthochi munaipatsa malo m'manda, munaiimbira nyimbo. Nanga mwana wa Manase Mfune mumutaye kutchire chifukwa chiyani? Zimenezo ayi, ife tikali moyo. Adzukulu akumba kale m'kati mwa manda, pafupi ndi agogo athu. Amene akuopa atsale pamthunzi pano, sitiwakakamiza. Koma amayi a mpingo, inu a Umanyano, musatsitse mawu. Lirani mokweza, ulendo uno m'bokosimo muli munthu.

Malemu asiya ana atatu, Greyson, Nelly ndi Watipaso, tonse a Mfune a m'mudzi muno, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo Bambo Gordon, ndi Mayi Tryness, amene akuwalira kachiwiri ndipo sakupepesa kwa wina aliyense.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, abusa ndi mpingo, mafumu amene sanagwedezeke, amayi ophika, ndi adzukulu amene anauzidwa kuti asakumbe koma anakumba. Yewo chomene.

Bambo, njira yobwerera kwanu inakutalikirani, koma munafika. Lero tikukuperekezani ndi manja athu mpaka pambali pa bambo anu, masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Usani mumtendere.