Kuchi ya Apongozi a ku Wales

Pa siteji ya basi ku Woolwich, kudziko la eni kutali ndi kwawo, Etta ankangomwetulira yekha uku akung'ung'udza nyimbo ya ukwati. Mayi wina wachikulire, wovala yunifolomu ya unamwino, anaizindikira nyimboyo.

"Mwana wanga, ndiwe wakumudzi eti? Chakusangalatsa n'chiyani?"

"Amayi, apongozi andilandira. Wondifunsira ndi wa ku Wales. Mayi ake anabwera kudzandiona, koma dzulo anamuuza kuti za ukwati aganizenso kaye, ati ine sindiwafuna."

"Unawalakwira chiyani?"

"Ulemu, amayi. Akalowa, ine ndimatuluka. Akandiyang'ana, ine maso pansi. Tiyi ndimapereka nditagwada."

"Khalidwe ndiye limenelo."

"Kwathu, inde. Iwo ankayesa ndikuwathawa. Lero ndalimba mtima, ndawafotokozera zonse. Aseka mpaka misozi, kenako atambasula manja, amvekere, 'Bwera ndikupatse kuchi.'"

"Kuchi ndiye chiyani? Chakudya?"

"Mawu akwawo, polemba amalemba cwtch. Ati kale ankanena kachipinda kakunsi kwa masitepe, kosungiramo malasha. Masiku ano ndi kukumbatira munthu mpaka amve kuti wafika pakhomo, mphepo siimupezanso. Sapatsa munthu wamba."

"Iwe, wakumbatirana ndi apongozi? Azakhali ako akamva akomoka."

"Akomoke, adzatsitsimukira pa ukwati. Tsiku lake asankha okha apongoziwo."

"Ndiye kugwada wasiya?"

Basi itatulukira, Etta anaiimika ndi dzanja, nkhope ili ngwee.

"Ayi, amayi. Ine ndizigwadabe, iwo azindidzutsa ndi kuchi."