A Sylvester Khoromana, Amene Anamwalira Atavala Dzina Langa

Mafumu, abambo ansembe, akuluakulu a mpingo, alendo athu ochokera m'tauni ndi anamfedwa nonse, zikomo. Amene ndaima panone ndine Elton Khoromana. Ndikudziwa kuti dzina limeneli ndi lomwe labwera pa bokosi. Musadzidzimuke, si mzukwa. Amalume a Howard anandipatsa mbiri yotayipa kuti ndiwerenge. Ndaipinda, ili m'thumbamu. Ndiwerenga yomwe ndalemba ndekha.

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi a Sylvester Khoromana, achimwene anga. Anabadwa m'chaka cha 1995 konkuno kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe. Anali oyamba mwa ana atatu a malemu bambo Wilson Khoromana ndi mayi Fainess.

Sukulu anayamba mochedwa ndipo analekeza Sitandade 7, chifukwa mpunga ukangoyamba kucha ankapita ku dambo la Chilwa kukapirikitsa mbalame. Mkono wawo unaphunzira kumeneko. Ankaumba timipira ta dongo, kutiyanika padzuwa, n'kumagenda ndi dzanja lamanzere, lomwelo limene aphunzitsi ankawakwapulira m'kalasi. Alimi ankachita kuwalimbirana. A Goliati, eni munda woyandikana ndi wathu, akhala apowa. Afunseni ngati mbalame inadyapo mpunga umene a Sylvester ankalondera.

M'chaka cha 2013 anamanga ukwati woyera ndi mayi Eveles. Ambiri mwa inu munavina tsiku limenelo. Chaka chotsatira Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Madalo.

Ntchito imene inawatchukitsa inayamba ngati masewera. Pa sekondale yathu yoyendera panabwera mphunzitsi wa ku Japan amene anatiphunzitsa besiboli: wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga. Ine ndinali Fomu 1 ndipo sindinkatha. Tsiku lina achimwene anabwera kudzanditenga pa njinga, kampirako kanagubuduka mpaka pa mapazi awo, iwo n'kukabweza. Mnyamata amene anakawakha anakhala pansi n'kumauzira chikhatho. Kuyambira pamenepo mphunzitsi uja sanawatayenso. Iyeyo ndilibe naye mlandu, anabwerera kwawo zinazi zisanachitike.

M'chaka cha 2016, chaka cha njala chija, kunabwera bambo wina wa ku Blantyre wopezera anyamata matimu akunja. Ataona mkono wa achimwene anagwira pakamwa, koma anati kunjako akufuna ana osafika zaka 17. Achimwene anali ndi zaka 21. Ine ndinali ndi 16. Banja linakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo amalume anagamula: "Dzinalo uliphika, Elton? Bwereka mkulu wako, zaka ziwiri zokha." Sanandifunse. Anandiuza. Achimwene anameta ndevu, anatenga dzina langa ndi chaka changa chobadwa, n'kukwera ndege.

Anayamba kusewera ku South Africa. Mu 2018 timu ina yaing'ono ya ku Japan inawatenga, ndipo pasanathe zaka zitatu anali woponya wodalirika mu timu yaikulu. Tinkaunjikana pa foni yanga pa msika kuwaonera. Bwalo lodzaza ndi anthu, onse akukuwa kuti Elton, Elton, ndipo anzanga ankandigunda kumsana n'kumati, "Aise, ukuponya bwino lero!" Ndinkaseka nawo, nanga ndikanatani. Achimwene anawamangira mayi nyumba ya malata. Namondwe atakokolola minda mu 2023 anatumiza chimanga chimene mudzi wonse unadya. Zimenezo sindikana, ndipo wina asadzakane.

Koma tinene zonse. Mnyamata wa zaka 16 sangakhale ndi mkazi ndi mwana woyenda kale. Choncho mayi Eveles anasanduka alamu awo a amuna awo omwe. Atolankhani atabwera kudzajambula kwawo kwa katswiri, mayi Eveles anauzidwa kuti akhale kukhitchini, ndipo Madalo anaphunzitsidwa kunena kuti wa pa chithunziyo ndi bambo ake aang'ono. Mwana anafunsa kuti, "Nanga bambo anga enieni ali kuti?" Ine anandichotsa sukulu, poopa kuti pa mayeso a boma pangaoneke a Elton awiri. Kukonza mafoni ndaphunzira ndekha. Kulemba komwe mukumvaku ndaphunzira ndekha, ndiye ngati pena pakhota, mukudziwa kokafunsa. Zaka ziwiri zija zinakhala zisanu ndi zinayi.

Pa za mpingo, malemuwa anabatizidwa ali khanda ndi dzina loti Sylvester, ndipo ankaimba besi mu kwaya ya pa tchalitchi chathu. Kunjako anasiya kulandira Ukaristia. Anandiuza pa foni kuti, "Mphwanga, ndikayandikira guwa ndimabwerera. Kuno amandidziwa ndi Mulungu yekha." Kumudzi anasiya kubwera poopa kuti wina angawaitane dzina lawo pamaso pa alendo. Ngakhale maliro a bambo athu anawalirira pa foni.

Matenda anayambira pa phewa, limene linayamba kugenda ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Timu yawo inali ndi madokotala, koma achimwene ankawathawa. Wina anawauza kuti dokotala akaunika mafupa amadziwa zaka za munthu. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, iwo anakhulupirira. Ankangogula mankhwala opha ululu n'kumameza mobisa, chaka ndi chaka, mpaka impso zinaleka kugwira ntchito. Atagonekedwa m'chipatala anandiimbira ndi mawu otsika, nati, "Ndikabwera ndidzakubwezera." Sanabwere ndi miyendo yawo. Amwalira mwezi wathawu ku Japan komweko ali ndi zaka 30, osati 25 monga mwamvera pa wailesi.

Dzulo banja linakhalanso pansi pa mtengo womwe uja. Amalume anati tisachititse manyazi malemu, akunja akamva adzafufuta mbiri yawo ndi kulanda zikho. Mayi analira, nati, "Mwanawe, ingopirira lero lokha." Mayi, ndapirira zaka zisanu ndi zinayi. Zikhozo akafuna adzatenge. Mipira ija anaponya ndi mkono wa a Sylvester, ndipo umenewo palibe angaufufute. Amalume, sindikukunyozani pagulu. Njala ija tonse tinaiona, ndipo chimanga chija nanenso ndinadya. Koma tikakwirira Elton lero, ndiye kuti mayi Eveles si namfedwa, Madalo alibe manda a bambo ake, ndipo ine ndidzakhala ndikudutsa pa manda anga popita ku msika. Zimenezo ayi. Kwa alendo athu a zamasewera amene mwabweretsa nkhata zolembedwa dzina langa, zikomo chifukwa cha maluwa. Nsalu za dzinazo muchotse. Ndipo mukabwerera, mukamuuze bambo wa ku Blantyre uja kuti kwa Chiwalo kulibenso mwana wobwereketsa dzina.

Kachitsulo ka dzina ka pa bokosi ndamasula ndekha m'mawa uno ndi sikuludiraiva wanga wa mafoni. Ndi aka. Mtanda tapakanso utoto, ndipo dzina walemba ndi Madalo ndi dzanja lake. Zilembo zina zapendekeka. Wina asazikonze.

Malemuwa asiya mayi awo, mayi Fainess Khoromana. Asiya mkazi wawo wa ukwati woyera, mayi Eveles, amene ndikupempha kuti achoke kumbuyoko adzakhale pafupi ndi bokosi. Asiya mwana wawo mmodzi, Madalo, wa zaka 11. Asiya mchemwali wawo, Rejoice, ndi amalume awo, a Howard. Asiyanso mng'ono wawo, Elton, wobadwa m'chaka cha 2000, amene ali moyo.

Achimwene, munati mudzandibwezera dzina langa. Ndalandira. Nanunso nali lanu.

A Sylvester Khoromana apumule mu mtendere, m'dzina lawo.