Tchalitchi cha Pansi pa Tchalitchi

Lamulungu limenelo kunali mpira ku bwalo lalikulu la ku Landover, ku America, ndipo a Kingsley Chadza anasankha dala msewu wodutsa komweko pobwerera kuchokera ku mapemphero ndi mlongo wawo, a Rosina. Ankadziwa kuti magalimoto akaima tsiku la mpira amaima zenizeni, ndipo munthu wovala nsapato za gogoda ngati mlongo wawoyo sangatsike n'kuyamba wapansi.

Chomwe ankafuna chinali m'chikwama cha a Rosina: pasipoti ya Anjimile, mwana wa mlongo wawoyo. Mayiwo anaibisa atangomva kuti mtsikanayo, pa tchuthi cha ku yunivesite, akupita ku Mangalande ndi anzake kukakumba m'kati mwa tchalitchi chakale cha m'mudzi wina. Ndege inali ya Lachiwiri. A Kingsley ankayendetsa basi ya ophunzira a pa yunivesite ina ku Foggy Bottom, ndipo anali atamva mapulofesa ambiri akulankhula pa foni kumbuyo kwawo moti ankadziwerengera m'gulu lomwelo. Anali atauza Anjimile kuti asadandaule, nkhani ngati imeneyi ndi ya malume.

Magalimoto ataima, a Kingsley anatsitsa wailesi n'kukonza taye.

"Mlongo, choyamba mumvetse kuti si ufiti. Ndi maphunziro. Amati akiyoloje."

"Akumba usiku?"

"Masana."

"Ndiye alibenso manyazi."

A Kingsley anafotokoza kuti abusa a tchalitchicho ndi amene anaitana anawo, chifukwa mpingo ukufuna kuika mapaipi otenthetsa pansi komanso kumanga chimbudzi, ndipo kumeneko nyumba yakale saikumba chisawawa, amayamba aitana odziwa kuti aone zomwe zili m'dothi.

"Chakhala zaka zingati tchalitchicho?" anafunsa a Rosina.

"Mazana asanu ndi anayi. Mwina kuposa."

"Chopanda chimbudzi?"

"Chopanda."

A Rosina, omwe ankasamalira okalamba ku nyumba ina yosungirako nkhalamba ndipo ankadziwa bwino kuti chikhodzodzo cha munthu chimapirira mpaka pati, anafunsanso:

"Ulaliki wawo ndi waufupi bwanji?"

"Nkhani si ulaliki."

"Nanga amayi akakhala ndi msonkhano wa tsiku lonse?"

"Mlongo, tisachedwe pa chimbudzi. Chachikulu n'chomwe akukafunafuna."

"Akukafunafuna chiyani?"

"Tchalitchi."

A Rosina anatembenuka thupi lonse, lamba wa mpando n'kuwakoka paphewa.

"Aima m'tchalitchi, akufunafuna tchalitchi?"

"China. Chakale kuposa chimenecho. Chili pansi pake."

"Chinatitimira?"

Sichinatitimire, anatero a Kingsley, akugogoda chiwongolero ndi chala monga amachitira mapulofesa pa chitseko cha basi. Choyambacho chinali cha mitengo, chomangidwa ndi anthu otchedwa Asakisoni. Kenako kunabwera ena kuchokera kutsidya la nyanja, Anomani, n'kumanga chawo cha miyala pamwamba pomwepo.

"Mpingo unagawanika," anatero a Rosina, akugwedeza mutu momvetsa.

"Sunagawanike. Inali nkhondo."

"Ndi zomwe ndikunenazo."

Galimoto inasuntha pang'ono n'kuimanso. Pambali panadutsa anyamata atatu okaonera mpira, odzipaka utoto kumaso, atanyamula bokosi la zakumwa. A Rosina anafunsa ngati mitengo ya Asakisoniyo ikadali yolimba, kuti mwina mpingo ungaigwiritse ntchito pa denga la chimbudzicho. A Kingsley anayankha kuti mitengoyo inaola kalekale, chotsala ndi maenje momwe inazikidwa.

"Ndiye mwana wanga akwera ndege kukakumba dzenje kuti apeze dzenje."

"Dzenje lakale."

"Adziwa bwanji kuti walipeza, poti iye mwini adzakhala ali kale m'dzenje?"

"Dothi lake limakhala lakuda."

"Achimwene, dothi lakuda tinalisiya ku Dedza munda wonse. Palibe anatipatsa digiri."

Apa a Kingsley anaona kuti za pansi zawavuta, choncho anakwera m'mwamba. Anati nyumba ngati imeneyo imawerengedwa ngati buku. Khomo lalikulu ndi lozungulira pamwamba, ndiye kuti ndi la Anomani. Mawindo ndi osongoka, ndiye kuti anabwera pambuyo pake. Nsanja ya belu anaiphatikiza mochedwa, ndipo mbali ina yonse anaigumula mliri utapha anthu ambiri m'mudzimo, poti panalibenso odzaza mabenchi. Anajambula zonsezi m'malere ndi dzanja limodzi, ndipo mayi wina wa m'galimoto yoyandikana anawabayibitsa poganiza kuti akumupatsa moni. Anawonjezera kuti pakhoma la kutsogolo panali chithunzi chachikulu cha tsiku la chiweruzo, angelo mbali iyi, moto mbali iyo, koma anthu a m'badwo wina anachipaka laimu.

"Ndiye chiweruzo chinathetsedwa?"

"Anangochiphimba."

"Ngati mmene anachitira eni nyumba yathu ndi nkhungu ya ku bafa. Imatulukanso, achimwene. Ikangogwa mvula imatulukanso."

A Kingsley anafuna kutsutsa, koma anakumbukira kuti Anjimile ananenadi kuti mwendo wa mngelo mmodzi unayamba kuonekera pakona.

Funso lomwe ankalizemba kuyambira pa khomo la mapemphero linafika galimoto ili pafupi ndi mlatho. A Rosina anafunsa ngati m'dothimo muli anthu. A Kingsley anati alimo ochepa chabe, olemera a nthawi imeneyo, omwe ankaikidwa m'kati mwenimweni, pansi pa miyala yoyendapo, ndipo wolemera kwambiri ankagona pafupi ndi guwa.

"Akhristu n'kumawaponda Lamulungu lililonse?"

"Unali ulemu."

"Kupondedwa?"

"Ulemu waukulu."

"Chabwino. Inu mukadzatisiya tidzakuikani pa khomo la siteshoni ya sitima ya Metro. Anthu ndi ambiri pamenepo, ulemu udzachuluka."

"Musasewere ndi imfa yanga, mlongo."

"Abale awo auzidwa kuti kukubwera okumba?"

"Anamwalira zaka mazanamazana zapitazo."

"Abale awonso?"

"Onse."

"Kalanga ine. Ndiye ndi zovuta zazikulu. Ndipo mpaka lero palibe wapita kukapepesa?"

A Rosina ananena momveka kuti iwo maliro saopa. Pa ntchito yawo anatseka maso a azungu ambiri, ena ankawaimbira nyimbo za Chichewa mpaka mpweya kutha. Chomwe sankafuna n'chakuti mwana yemwe anamulera okha, namuphunzitsa kuodira pa khomo la munthu, akadzutse akuluakulu ogona ndi kasupuni ndi kaburashi, opanda ngakhale moni. Atatero anakumbatira chikwama chija ndi manja awiri.

Nyali za bwalo la mpira zinali zitayamba kuoneka kutsogolo, ndipo akangodutsa pamenepo msewu umatseguka, kwa a Rosina n'kukhala pafupi. A Kingsley anatulutsa mfundo yomwe anaisunga kuti ikhale yomaliza.

"Ndiye mverani izi. Anjimile sakakhudza fupa ngakhale limodzi. Iye anamupatsa khomo."

"Akakhala mlonda?"

"Khomo lotsekedwa. La kumpoto."

Anafotokoza monyadira kuti khomo limeneli linatsekedwa ndi miyala kalekale, ndipo ntchito ya Anjimile ndi kujambula mwala uliwonse, kuulemba nambala, kenako kuichotsa umodziumodzi, chifukwa njira yopita ku chimbudzi chatsopano idzadutsa pomwepo. Pa ana onse, aphunzitsi anasankha iye. Ndipo poti pakamwa panali patatentha, anapitiriza mpaka pomwe sanafunike kufika: anati anthu a kumeneko amalitcha khomo la satana, chifukwa amati kale pobatiza khanda ankalisiya lotsegula kuti choipa chotuluka mwa mwanayo chithawire kumeneko. Anaseka, n'kunena kuti ndi nthano chabe za anthu osaphunzira.

A Rosina sanaseke.

"Analitseka liti?"

"Zaka mazana anayi, kapena asanu."

"Atatseka anasiya kubatiza?"

"Ayi, amabatizabe mpaka lero."

"Nanga zotulukazo zimatulukira pati?"

A Kingsley anayang'ana galasi la kumbuyo, ngakhale kumbuyoko kunalibe chachilendo.

"Pa khomo lalikulu, mwina."

"Pomwe paima abusa kupereka moni?"

"Pa windo."

"Mwanena nokha kuti ndi osongoka."

"Mlongo, ndati ndi nthano."

"Khanda limodzi, choipa chimodzi," anatero a Rosina, akupinda zala pang'onopang'ono mpaka zinawathera. "Mapasa, ziwiri. Zaka mazana asanu. Achimwene, mmenemo mwadzaza. Amapemphera anthu angati masiku ano?"

A Kingsley anavomera monyinyirika kuti Anjimile anati kwatsala okalamba ochepa, osadzaza mabenchi awiri.

"Akhale pati ena? Malo mulibe."

A Rosina anagwetsa maso pa chikwama. A Kingsley anaona misozi ikulengeza m'maso mwa mlongo wawo ndipo anadziwa kuti nkhondo yawakanika. Anayamba kale kuganiza mawu okauza Anjimile. Koma a Rosina anatsegula zipi, n'kupisa dzanja pansi pa Baibulo ndi botolo la mafuta odzola, n'kutulutsa pasipoti ija.

"Apite," anatero. "Anthu awo avutika mokwanira. Chimbudzi alibe, khomo alibe, wowapepesa alibe. Mukanangonena poyamba kuti ndi utumiki. Akapite ndi chitenje, ndipo asanagwire mwala woyamba aodire."

A Kingsley analandira ndi manja awiri. Mtima unawayera mbee. Anaganiza za nkhope ya Anjimile, komanso za mmene adzafotokozere nkhaniyi kwa mapulofesa m'basi, kuti munthu wosaphunzira umangofunika kumuyendetsa pang'onopang'ono ngati galimoto ya pa msewu woterera ndi chipale chofewa. Anali akulowetsa pasipotiyo m'thumba la jekete pomwe a Rosina anawonjezera, akudzola mafuta m'manja:

"Inu mungokonzeratu malo."

"Malo a chiyani?"

"A alendo. Zikatuluka sizingakhale ku chimbudzi, n'chatsopano, abusa achidalitsa. Zitsatira wozitsegulira. Ngakhale galu amatero."

"Zitsatira Anjimile?"

"Iye zilibe naye mlandu, wazichitira chifundo. Zingomuperekeza. Koma akatsika ndege safikira kwanga kuno, sukulu imakhala itatsegulidwa. Amafikira kwanu ku Columbia Heights, m'kachipinda kaja koyandikana ndi kanu."

"N'za zaka mazana asanu, mlongo. Zakalamba."

"N'chifukwa chake zidzafuna pogona pofunda. Komanso mwambo mukuudziwa, alendo a mwana amalandira ndi mwini mbumba. Ine ndine mayi chabe."

Kutsogolo wapolisi anakweza dzanja, magalimoto n'kuyamba kuyenda. Ya a Kingsley sinasunthe. Kumbuyo wina analiza hutala, wina n'kulandira, mpaka msewu wonse unali phokoso lokhalokha. A Kingsley anatulutsa pasipoti ija m'thumba, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anaweramira kwa mlongo wawo, naibwezera pansi pa Baibulo, natseka zipi ndi dzanja lawo mpaka kumapeto.

"Mwanayu sapita," anatero, akuika giya. "Musaganize kuti ndikuopa. Nyumba ija eni ake amalola anthu awiri okha."