Malovu a Telala

"Adokotala anatichenjeza kuti za DNA zimapasula mabanja, koma ndani anamva?" Anatero mayi wina kuuza amene anangokumana naye pamzere wa sikelo, ine ndili kalikiliki kutchinjiriza mwana wanga kwa otsokomola.

"Munkafunanji, mayi?"

"Apongozi aamuna amati agogo awo anali msilikali wotchuka, dzina lili m'kaundula wa tchalitchi. Banja lonse linalavulira m'timabotolo. Apongoziwo analavulitsanso telala wa pakhonde pathu, ati aone ngati makina oyezera DNA amazindikira mlendo."

"Msilikaliyo anapezeka?"

"Anapezeka mwa apongozi aamuna okha. Amuna anga ndi alamu anga awiri, onse ndi ana a telala!"

"Mayo ine! Apongozi aakazi akuti bwanji?"

"Akuti malovu anasakanikirana. Koma telala wamanga kale katundu, akuti kusanache akhala ali kutali."