Chitseko cha Amayi pa Mchenga wa Lupande

Chaka chachiwiri chilandirireni ufulu, ndinabwereka jipi yakale kwa mlimi wina wa fodya kuno ku Kasenengwa kuti ndikatenge amayi kuchigwa cha Luangwa. Abambo anali atangomwalira, amayi anali ndi chifuwa, ndipo mvula ikayamba chigwa chinkatsekeka mpaka masika. Inu lero mumafika ku Mfuwe pa phula mukuseweretsa foni, koma nthawi imeneyo njira ya kumudzi kwa amayi inali mikwaso ya njovu basi. Ndinayenda masiku awiri, kugona m'tenti pagombe la mtsinje, m'mawa n'kupeza mapazi a mvuu pafupi ndi pomwe ndinatsamira.

Nditafika, amayi anakana kukwera.

"Popanda chitseko changa sindichoka. Anasema ndi atate ako."

Chitseko cha mlombwa, cholemera ngati thumba la chimanga! Ndinakwiya, sindikubisirani, koma ndinachizula n'kuchimangirira pamwamba pa jipi.

Pobwerera tinafika pa mtsinje wa Lupande dzuwa lili paliwombo, uli wouma, mchenga wokhawokha, ndipo tili pakatikati matayala anatitimira. Ndinakumba ndi manja, ndinayala nthambi, ndinayala mphasa, zonse zinangomira. Kumapiri kunali kutada bii, ndipo ana inu mudziwe, mtsinje wa mchenga sudikira kuti mvula igwe pomwe mwaimapo. Posakhalitsa ndinaona timadzi tofiira tikubwera, tikukankha zinyalala.

"Amayi, thawirani kumtunda!"

"Ndithawe, ndiye kwanuko ndikafika wapansi? Masula chitseko, uike kunsi kwa tayala."

"Chithyokatu amayi."

"Atate ako sanasemepo chinthu chothyoka. Masula!"

Katatu konse ndinachilowetsa kunsi kwa tayala la kumbuyo, jipi ikadumpha pang'ono, n'kuchisendezanso kutsogolo, madzi ali m'akakolo, kenako m'mawondo. Kachitatuko jipi inakwera gombe. Nditacheuka, ndinaona amayi ali m'madzi mpaka m'chiuno, akutsokomola, atachikumbatira chitseko kuti chisapite. Ndinawakoka pamodzi ndi chitsekocho, misozi ikundituluka.

Amayi anakhala nafe zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsiku lililonse ankatseka okha chitseko chimenecho.

Ndi chomwechi chili panyumba pangapa. Mizere yakuya mukuionayo si chiswe ayi, ndi tayala. Tsono mukamatuluka mothamanga, zidzukulu zanga, musamachimenyetse. Muzitseka pang'onopang'ono.