Moto Umene Unatuluka M'nthaka ku Nsefu

Chaka chimene ndinakwatira, kuno ku Nsefu kunalibe wailesi yolengeza kuti mwezi uno musayatse moto kutchire, ndipo masikauti oteteza nyama zakutchire sankazungulira m'midzi kuletsa anthu monga achitira lero, koma lamulo linalipo ndithu: udzu ukangoyamba kuthetheka pansi pa phazi, wosaka mbewa ndi wofula njuchi ankasiya machesi kunyumba mpaka mvula. Ndakumvani achinyamata inu mukung'ung'udza pano podikira lole ya thonje, ati boma latiletsa ndi uchi womwe. Senderani kuno, ndikuuzeni chimene chandidya ine moyo wanga wonse.

Ndinali wofula njuchi, wamakani zedi. Mwezi wa Seputembala ndinapeza njuchi m'mphako ya mtengo waukulu wa mupani kuseri kwa manda, ndipo mtima unati, aaa, kamoto kamodzi kalakwanji? Ndinafukiza, ndinatapa uchi wodzaza chidebe, ndinakwirira chikuni ndi mchenga mpaka utsi kuti zii, n'kubwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Koma mupani simuudziwa inu. Mtengo umenewu umameza moto n'kumaubisa m'kati, kutsika nawo kumizu pang'onopang'ono, kunja ukuoneka wabwinobwino.

Patapita masabata awiri, dzuwa lili paliwombo, mbalame zonse zinangoti chete. Kutchire kunalibe munthu, kumwamba kunalibe mtambo, koma amayi ochokera kotunga madzi anaona utsi ukutuluka m'ming'alu ya nthaka, ndipo anataya mitsuko n'kuliyatsa liwiro. Masana a mwezi umenewo lawi silioneka, ana inu. Umangoona udzu ukuda wokha, kudako kukubwera kwa iwe ngati pali wina wosaoneka amene akupondapo. Moto unalowa kumanda, kumene sikunapsepo chiyambire makolo, ndipo utachoka kumeneko unanyambita nkhokwe zonse za kumadzulo kwa mudzi.

M'mawa mwake ndinapitako ndekha. Mupani uja ndinaupeza utagona, koma sunalinso mtengo ayi, linali phulusa loyera mbee, thunthu lake ndi nthambi zake zonse zitajambulika pa nthaka yakuda ngati munthu wotambasula manja, ndipo pamene panali tsinde, dzenje linali kufukabe. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi moto wanga, ndipo ndinathyola nthambi n'kufufuta mapazi anga pobwerera.

Kumudzi anthu anati moto wotuluka pansi ngwamankhwala, ndipo zala zonse zinaloza a Sakala, mkamwini wochokera kumtunda, munthu wosalankhulalankhula amene ankayenda yekha kutchire kukumba mizu yochizira chifuwa.

"Ine moto sindinaugwire, atsibweni," anatero a Sakala atagwada pamaso pa amalume a mkazi wawo.

"Nyamulani mphasa yanu, bambo. Mwatiwotchera ndi akufa omwe," anayankha amalumewo.

A Sakala anayang'ana anthu mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine, ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. Mantha, ana inu, mantha basi. Anachoka tsiku lomwelo, kusiya mkazi ali ndi pakati, ndipo sanabwerenso. Uthenga wa maliro awo unatipeza patapita zaka.

Lero muli ndi mwayi, amakuchenjezani pa wailesi, choncho uchiwo udikireni mpaka mvula, suthawa. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo pakamwa pasanaume, pakuti akuluakulu sananame kuti mlandu suwola.

Iwe Misozi, wakhala pa belo la thonjewe, usandiyang'ane choncho, mwanawe. Mwana amene anabadwa a Sakala atachoka uja ndiye amayi ako, amene anakula akunenedwa mwana wa mfiti. Ukafika kunyumba ukawauze kuti bambo awo analibe mlandu. Kapena ayi, ndipatse ndodo yangayo undiperekeze, ndikanene ndekha.