Ndinanama chifukwa apongozi anali pomwepo

Abambo owerenga makalata, dzina langa ndalibisa dala. Ndimakhala ku Kawale.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu anadwala malungo mpaka magazi kumuthera. Kuchipatala anati abale tipereke magazi, ndipo ndinapita ndi apongozi anga aamuna ochokera ku Dedza. Asanandibaye, namwino anandifunsa kuti, "Bambo, miyezi yapitayi mwagonapo ndi mkazi wina kunjaku?" Apongozi anali pabenchi pomwepo, chipewa chili m'manja. Ndinati ayi, chonsecho panali patangotha milungu iwiri ndichokere kwa chibwenzi changa ku Nsungwi.

Magazi anawayeza, anaoneka abwino, n'kumuika mwanayo. Sindinkadziwa kuti kachilombo ka Edzi kakangolowa kumene m'thupi sikaoneka poyeza.

Pano mwanayo akuonda, zilonda m'kamwa sizikupola. Tayezetsa tonse. Iye ndi ine tili nako, amayi ake alibe. Ndathedwa nzeru.

Anzanga omvera, ngati pali amene mukumuchitira manyazi, pemphani namwino muyankhulire pambali, koma nenani zoona. Apongozi mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti mkamwini wawo anapulumutsa mwana. Ndiwauza bwanji?